Holga 120N: kuyambira poika filimu mpaka potsuka

Tiyamike:
Moni nonse. Ndikupempha kuti tiike pamalo amodzi zonse zofunika pa kamera ya filimu ya Holga 120N. Madandaulo a ongoyamba kumene ndi amodzimodzi: filimu yatuluka yopanda kanthu, zithunzi zonse 12 zagwedera, m'mphepete mwapsa ndi kuwala, kapena chithunzi china chakwera pa chinzake. Munthu akaona choncho kawiri amaiponya m'kabati n'kunena kuti ndi chidole. Inde ndi chidole, koma vuto lililonse mwa amenewa lili ndi chifukwa chake chodziwika. A Gondwe, tiyambireni.

A Gondwe:
Zikomo achemwali. Tidziwe kaye chimene tagwira m'manja. Holga inatuluka ku Hong Kong mu 1982, woikonza anali T. M. Lee, ndipo cholinga chinali kamera yotsika mtengo ya mabanja a ku China, kumene filimu ya 120, yotambalala yokulungidwa pamodzi ndi pepala kumbuyo, inali yofala nthawi imeneyo. Filimu ya 35mm itatenga msika kumeneko, amene anaitola ndi ophunzira ndi aphunzitsi a zojambula m'maiko ena. Anasiya kuipanga mu 2015, mu 2017 inabwereranso.

M'kati mwake mulibe zambiri. Lenzi ndi kapulasitiki kamodzi kokha ka 60mm. Shutter ndi kasipuling'i kamene kamatsegula kwa nthawi yosachepera kapena kupitirira kwambiri 1/100 ya sekondi, ndipo kakamakalamba kamayamba kuchedwa. Choyezera kuwala mulibe. Pansi pa lenzi pali kabatani ka N ndi B. N ndiye kujambula kwa masiku onse. B imasiya shutter yotsegula nthawi yonse imene chala chili pabatani. Kabatani kameneka kamasuntha kokha m'chikwama, ndipo zithunzi 12 zogwedera zija, kawirikawiri gwero lake ndi limeneli. Kamateni ndi tepi pa N, muzimatula pokhapokha mukufuna B.

Pamwamba pa lenzi pali kabatani kena ka dzuwa ndi mtambo, kamene amati ndi f/11 ndi f/8, manambala a kukula kwa bowo lolowera kuwala. Pa Holga zakale, makamaka 120S, sikasintha kanthu, chifukwa bowo limene limabwera pamenepo ndi lalikulu kuposa bowo lokhazikika lomwe lili kale m'kati, ndiye kuwala kumangolowa kwa cha m'ma f/13 mulimonsemo. Zopangidwa kuyambira cha mu 2009 anazikonza. Kuti mudziwe yanu, tsegulani kumbuyo mulibe filimu, ikani pa B, lozetsani kuwindo, dinani batani n'kusuntha kabatani kaja uku mukuyang'ana. Bowo likachepa ndi kukula, ndiye kuti kakugwira ntchito.

Mayi Nachisale:
Zimene anena a Gondwezi tanthauzo lake ndi lakuti kamera iyi sisankha kanthu. Liwiro ndi limodzi, bowo tingoti ndi limodzi. Chosankha chatsala kwa inu: filimu imene mwaika, ndi malo amene mwaima. Amene wamvetsa zimenezi sachedwa kuikonda.

Pali lamulo lakale loti padzuwa lowala bwino, filimu ya ISO 100 (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala) imafuna 1/100 pa f/16. Holga ili cha pa f/13, ndiye padzuwa la masana filimu ya 100 kapena 125, monga Fomapan 100 kapena Ilford FP4 Plus, ili pamalo pake. Mukalowa pamthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde, kuwala kumatsika ndi ma stop atatu kapena anayi. Stop imodzi ndi kuchepa kwa kuwala ndi theka. Pamenepo filimu ya 100 situlutsa nkhope, mumangopeza mdima. Filimu ya 400 ndiye ya pamthunzi, ya m'mamawa, ya madzulo ndi ya masiku a mitambo m'dzinja.

Yamikani:
Mayi, pamenepo nditsutsepo pang'ono. Wongoyamba ayike 400 basi, kaya dzuwa kaya mtambo. Ilford HP5 Plus kapena Kodak Tri-X padzuwa la masana imalandira kuwala kopitirira ndi ma stop awiri ndi theka, inde, koma filimu ya negetivu imapirira zimenezo. Negetivu imangotuluka yakuda kwambiri, chithunzi chili momwemo, sikana imachitulutsa. Koma kuwala kukaperewera palibe chochita. Pamene siliva sanakhudzidwe ndi kuwala, mankhwala alionse sangabweretsepo chinthu. Filimu imodzi munthu amayenda nayo tsiku lonse, padzuwa ndi pamthunzi pomwe, ndiye kuli bwino kulakwira ku mbali ya kuwala kochuluka.

Mayi Nachisale:
Kulakwira ku mbali ya kuchuluka ndikuvomera, achimwene. Koma dzuwa la mu Okutobala kumchenga wa ku Senga Bay kapena Mangochi, mchenga ndi madzi zikubwezanso kuwala, mwawonjezera stop ina. HP5 pamenepo yadutsa ma stop atatu, thambo ndi malaya oyera zimangofanana, timachenga ta filimu timakula. Ngati mwakakamira 400, ikani fyuluta. Fyuluta ya 46mm imalowa kutsogolo kwa lenzi ya Holga mukaipotoza mosamala, imadziboolera yokha mizere m'pulasitikimo. Yachikasu imadya stop imodzi ndipo imadetsa thambo kuti mitambo ioneke. Yofiira imadya ma stop atatu, ndiye HP5 padzuwa lamphamvu imakhala pafupifupi pamalo pake, thambo n'kuda bii. Izi ndi za filimu yakuda ndi yoyera yokha. Mukalowa pamthunzi chotsani fyulutayo, kamera siikukumbutsani.

Yamikani:
Ndi fyuluta ndiye tagwirizana. Ndiwonjezere kuti filimu ya slide, yotulutsa chithunzi chenicheni osati negetivu, monga Velvia, musayambire. Imeneyo ikalakwika ndi stop imodzi yokha chithunzi chapita.

Dalitso:
Nanga za manambala 12 ndi 16 kumbuyo kuja? Anthu amasokonezeka kwambiri pamenepo.

A Gondwe:
Amasokonezeka chifukwa amawerenga nambala imene yayandikana ndi kawindo kofiira ka kumbuyo koonera manambala a filimu. Tsatirani muvi. M'kati mwa kamera mumaikidwa kafulemu. Kakakhala ka 6x6, kamene kamapereka zithunzi 12, muvi uloze pa 12. Kakakhala ka 6x4.5, ka zithunzi 16, muvi uloze pa 16. Pepala lakumbuyo kwa filimu ya 120 lili ndi mizere ingapo ya manambala, ndipo kachitseko kosuntha kokhala ndi muvi kamangosankha mzere umene mukuona. Mukaika kafulemu ka 6x6 muvi uli pa 16, filimu imayenda pang'ono kuposa kukula kwa chithunzi, ndiye zithunzi zimakwerana m'mphepete. Mukatembenuza, mumapeza mipata ikuluikulu n'kutaya zithunzi zinayi.

Kaikidwe kake ndi aka. Khalani pamthunzi, osati padzuwa. Spool (chokulungirapo filimu) yopanda kanthu ipite kumanja, pansi pa chopukusira. Filimu yatsopano kumanzere. Chotsani kapepala komangira konse, kasatsale kachidutswa, chifukwa kakhoza kukagwera kutsogolo kwa filimu. Kokani nsonga ya pepala, ilowetseni m'mpata wa spool yakumanja, pukusani kawiri kapena katatu chala chachikulu chili pa filimu yakumanzere kuti pepala likungike. Tsekani, pukusani pang'onopang'ono. Pakawindo mudzayamba kuona mivi ndi timadontho, kenako 1. Filimu zina manambala ake ndi otuwa kwambiri, moti mukathamanga mumadutsa osaona. Ndipo chopukusira sichibwerera m'mbuyo.

Che Saidi:
Musaiwale za filimu yofufuma. Holga ilibe zitsulo zamphamvu zogwira spool, ndiye filimu imakulungika molobodoka. Mukatsegula kumapeto mumapeza pepala latuluka kupitirira m'mphepete mwa spool, kuwala n'kulowa m'mbali. Ndiko kupsa kwa m'mphepete kumene achemwali anena. Za 120N zimabwera ndi tisiponji m'zipinda za spool, koma timamatuka, nthawi zina n'kukulungika pamodzi ndi filimu. Mankhwala ake: ng'ambani kachidutswa ka katoni ya filimuyo, kapindeni kawiri, kalowetseni pansi pa spool yakumanzere kuti izizungulira movutikirako. Chopukusira chikamalimba pang'ono m'manja, ndiye bwino. Pochotsa filimu khalaninso pamthunzi, igwireni molimba, matani kapepala kake, ikulungeni m'foyilo. Mukaona kuti yafufuma kale, musaikoke kuti ikungike, mumakanda filimu. Ingoikulungani momwemo n'kuitsuka msanga.

Tizitsulo tiwiri ta m'mbali totsekera chitseko ndi pomwenso pamamangidwa lamba. Kamera ikalendewera pakhosi, lamba amakoka tizitsuloto, chitseko n'kugwa filimu ili m'kati. Zengani lastiki wokhuthala kuzungulira kamera yonse, kapena matani tepi pa tizitsulo tonse tiwiri.

Dalitso:
Koma tepi ikachuluka sitikuchotsa chimene anthu amaikondera Holga? Ambiri amafuna kuwala kolowa m'mbali kuja.

Che Saidi:
Maganizo anga ndi akuti matani. Chimene chimakongoletsa chithunzi cha Holga ndi lenzi: pakati pooneka bwino, m'mbali mofewa, m'makona modera. Zimenezo tepi sichotsa. Kuwala kolowa mwangozi kumagwera paliponse, ndipo nthawi zambiri kumagwera pankhope ya munthu amene munamupempha kuti aime.

Mayi Nachisale:
Ine ndinganene kuti filimu yoyamba musamate, kupatula tizitsulo ndi kabatani ka N. Holga iliyonse imadontha mwa njira yakeyake, ina siidontha n'komwe. Negetivu ikuuzani. Banga likakhala pamalo amodzimodzi pa chithunzi chilichonse, kuwala kukulowera pamalo amodzi. Kumbukirani kuti chithunzi chimagona chozondoka m'kamera, ndiye banga la pansi pa chithunzi likuchokera kumwamba kwa kamera. Pa filimu ya mitundu, banga lofiira kapena lachikasu limasonyeza kuwala kolowera kumbuyo kwa filimu, kuchitseko kapena pakawindo kofiira. Banga loyera limasonyeza kolowera kutsogolo. Kawindo kofiira kaja kanali kokwanira pa mafilimu akale amene sankamva kuwala kofiira. A lero amamva, ndiye kaikeni kachitseko ka tepi yakuda, muzitsegula popukusa pokha, msana mutalozetsa kudzuwa. Tepi yakuda ya amagetsi imagwira, koma kukatentha imasiya zomata. Ya nsalu ndi yabwinopo.

China: mukachotsa kafulemu kuti makona adere kwambiri, pa Holga zina pamwamba m'kati mumapezeka timabowo tiwiri. Titsekeni. M'mphepete mwa pulasitiki mmene filimu ikudutsa ikaninso tepi, apo ayi mupeza mizere yokandika kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza.

Tiyamike:
Tipite ku kujambula kwenikweni. Zizindikiro za palenzi zosankhira kutalika kwa chimene mukujambula, mamita ake ndi angati?

Yamikani:
Munthu mmodzi ndi mita 1. Anthu atatu ndi mamita 2. Gulu ndi mamita 6. Phiri ndi mamita 10 kupita kutali. Pa mita 1 ndi pamene kulakwa kumaonekera kwambiri, ndiye yesani ndi tepi yoyezera mpaka diso lizolowere. Kamera iliyonse imasiyanako, choncho filimu imodzi iperekeni ku mayeso: ndandalikani mabotolo pa mita 1, 1.5, 2 ndi 3, jambulani pa chizindikiro chilichonse, lembani m'kabuku.

Kawindo kosuzumira sikadutsa mu lenzi. Zotsatira zake ndi zitatu. Mutha kujambula filimu yonse chivindikiro chili palenzi, inu mukuona bwinobwino. Ambiri amangochisiya kunyumba chivindikirocho. Chachiwiri, kawindoko kamaonetsa zochepa kuposa zimene filimu ya 6x6 imatenga, ndiye zimene mukuona kuti zadzaza, pa negetivu zimatuluka zazing'ono pakati pa malo ambiri. Senderani pafupi sitepe imodzi kuposa mmene mtima ukunenera. Chachitatu, kali pamwamba chakumanzere kwa lenzi, ndiye mukayandikira kwambiri, chimene munachiika pakati chimasunthako.

Chofunikacho chiikeni pakati. Nkhope ikakhala pakona imasungunuka. Ndipo lenzi iyi imakonda zinthu zikuluzikulu zooneka msanga: mlambe umodzi pachigwa, bwato pamchenga, munthu pakhomo. Msika wodzaza ndi tinthu ting'onoting'ono umangosakanikirana.

A Gondwe:
Shutter ndi chopukusira sizilumikizana, ndiye mutha kudina kakhumi pa chithunzi chimodzi kamera osakuletsani. Khalani ndi chizolowezi chimodzi osasintha: mukadina, pukusani nthawi yomweyo. Mukafuna dala zithunzi ziwiri pamodzi, dziwani kuti chachiwiri chimaonekera m'malo akuda a choyamba. Jambulani munthu atatembenukira kumbali, kumbuyo kwake kuli thambo lowala, kenako jambulani masamba kapena chitenje osapukusa. Masambawo adzadzaza m'thupi la munthuyo, thambo lidzakhala loyera. Kudina kawiri ndi stop imodzi yowonjezera, kanayi ndi ma stop awiri, kasanu ndi katatu ndi ma stop atatu. Zimenezi zimathandizanso madzulo: kamera ikhale pa tripod, pakuti 120N ili ndi bowo lake pansi, dinani kanayi pa chinthu chosasuntha, ndiye mwapeza ngati 1/25 popanda kugwiritsa B.

Pa B, filimu imayamba ulesi nthawi ikapitirira sekondi imodzi. Choyezera kuwala cha pafoni chikati masekondi 10, HP5 imafuna pafupifupi 20. Fomapan 100 imafuna 80, malinga ndi pepala la kampani yake. Ambiri amene amati usiku Holga situlutsa kanthu, cholakwika chimakhala chimenechi.

Dalitso:
Ine chondidetsa nkhawa ndi kutsuka. Ma studio ambiri anasiya, ndipo otsalawo si onse amalandira 120.

Mayi Nachisale:
N'chifukwa chake yakuda ndi yoyera ndiyo yoyambira, imatsukika pakhomo. Zofunika: thanki ya Paterson ndi reel yake yokulungirapo filimu, thermometer, makapu oyezera, sirinji ya ku famase, developer (mankhwala otulutsa chithunzi), fixer (mankhwala okhazikitsa chithunzicho), ndi mdima weniweni wa mphindi zochepa zokha. Mdimawo ndi wongolowetsera filimu m'thanki, zina zonse zimachitika poyera. Kuyesa chipinda, khalanimo mphindi 5 usiku magetsi atazima. Mukayamba kuona dzanja lanu, sichinakwane.

Kulowetsa 120 pa reel ndiye ntchito yovuta pa zonse. Ndi yotambalala, yofewa, imapindika msanga. Reel ikhale youma gwa, pakuti kadontho kamodzi ka madzi kamamatitsa filimu pakati panjira. Manja akhalenso ouma. M'thumba lakuda lolowetsera filimu manja amatuluka thukuta msanga nyengo yotentha, ndiye musachedwemo, kapena gwiritsani chipinda. Futukulani pepala mpaka mumve filimu, isiyanitseni, kumapeto mupeza tepi. Imatuleni pang'onopang'ono, chifukwa mukaitsomphola imathetheka kamoto kooneka mumdima. Gwirani m'mphepete mokha. Mukaipinda, pa negetivu pamatuluka timiyezi takuda tosachoka. Perekani filimu imodzi yotha ntchito kuti muziyeserera poyera, kenako mutatsinzina. Kampopi ka pakati pa thanki musakaiwale, ndi kamene kamatchinga kuwala.

Filimu imodzi ya 120 imafuna 500ml. HP5 mu Ilford ID-11 wosungunula theka ndi theka, 250ml mankhwala ndi 250ml madzi, ndi mphindi 13 pa madigiri 20. Mu Rodinal, 10ml pa 500ml ya madzi, ndi mphindi 11. Mukathira, tembenuzani thanki kanayi m'masekondi 10 oyamba, igogodeni patebulo kuti thovu lichoke pafilimu, ndipo muzibwereza kanayi mphindi iliyonse. Nthawi ikakwana khuthulani, tsukuluzani ndi madzi kawiri kapena katatu, thirani fixer. Ilford Rapid Fixer ndi 100ml pa 400ml ya madzi, mphindi 2 mpaka 5. Fixer musataye, amagwira kangapo. Kumuyesa, ponyanimo kachidutswa ka filimu yosatsuka poyera, onani nthawi imene yatenga kuti iyere, ndipo filimu yeniyeni ikhalemo kuwirikiza kawiri nthawi imeneyo. Tsiku limene kachidutswa katenga kuwirikiza kawiri nthawi imene kankatenga fixer ali watsopano, watha. Wakuthayo ali ndi siliva, musamukhuthulire kumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.

Kutsukuluza sikufuna mpopi wotsegula theka la ola. Njira ya Ilford: dzazani thanki, tembenuzani kasanu, tayani, dzazaninso, tembenuzani ka 10, tayani, dzazaninso, ka 20, tayani.

Che Saidi:
Madigiri 20 amenewo ndi a ku Ulaya, Mayi. Madzi a mumpopi ku Chikwawa kapena Salima mu Novembala ali kutali ndi pamenepo. Developer akatentha amagwira mofulumira, ndipo pa digiri iliyonse yowonjezera muchotse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a nthawi. Mphindi 13 zija pa madigiri 24 zimakhala cha m'ma 9. Koma nthawi isatsike kufika pansi pa mphindi 5, filimu imatuluka yamawangamawanga chifukwa mankhwala sanayende mofanana. Ndiye kukatentha sankhani developer wosungunula kwambiri, amene nthawi yake ndi yaitali, kapena ziziritsani. Ikani makapu onse m'beseni la madzi muli botolo la ayezi, ndipo thanki izikhalanso momwemo pakati pa kutembenuza. Ayezi asalowe mu developer mwachindunji, amamusungunula. Chachikulu n'chakuti developer, fixer ndi madzi otsukuluzira zisasiyane ndi madigiri opitirira 5. Filimu ikachoka m'madzi otentha kulowa ozizira kwambiri, khungu lake limachita makwinya osatheka kukonza.

Madzi a pamjigo ambiri amasiya mabanga oyera filimu ikauma. Kutsukuluza komaliza gwiritsani madzi a distilled aja amagulitsa othira m'batire ya galimoto. Werengani botolo, akhale madzi okha, osati asidi. Onjezanimo mankhwala oletsa mabanga a madzi, Photo-Flo kapena Ilfotol, 2.5ml pa 500ml. Pachikani ndi mapegi, limodzi pamwamba, awiri pansi kuti iwongoke. Kubafa ndiye kwabwino: wazani madzi pansi kuti fumbi ligone, tsekani chitseko, musalowemo maola awiri kapena atatu. Musaipukute ndi zala.

Yamikani:
Kwa amene ali kutali ndi masitolo, Rodinal ndi wabwino chifukwa amakhala zaka osaonongeka ngakhale atada, ndi mankhwala a Agfa a mu 1891. Wa ufa, ID-11 kapena Kodak D-76, ndiye wosavuta kunyamula paulendo. Paketi isungunuleni yonse nthawi imodzi, musagawe ufawo, chifukwa zosakaniza zake sizigawanika mofanana. M'botolo lodzaza lotseka bwino amakhala miyezi 6.

Developer akasowa, pali wa khofi, wotchedwa Caffenol. Pa 500ml: magalamu 27 a soda wochapira wopanda madzi m'kati mwake (anhydrous), magalamu 8 a ufa wa vitamini C, magalamu 20 a khofi wosungunuka. Sungunulani soda kaye mpaka madzi ayere, kenako vitamini C, khofi pomaliza, dikirani mphindi 5 thovu litsike. Mphindi 15 pa madigiri 20. Amagwira bwino pa filimu ya 100, pa 400 negetivu imachita chifunga. Soda wa m'golosale wothira m'therere si yemweyo, ndi wofooka. Koma mutha kumusandutsa: muyaleni pa thireyi, muikeni mu uvuni pa madigiri 200 kwa ola limodzi. Magalamu 100 akatsika kufika cha m'ma 63, ndiye wasanduka. Khofi akhale weniweni, wotchipa yemweyo, osati wosakaniza ndi chicory, ndipo vitamini C asakhale mapiritsi othetheka m'madzi aja. Fixer yekha alibe cholowa m'malo mwake m'khitchini, ameneyo gulani.

Ya mitundu, Kodak Portra 400 kapena Gold 200, imafuna njira yotsukira yotchedwa C-41 pa madigiri 38, developer mphindi 3 ndi masekondi 15, ndipo kutentha kusasunthe. Zimatheka pakhomo koma si poyambira. Ilford XP2 Super ndi yakuda ndi yoyera koma imatsukidwanso mu C-41, musaisokoneze ndi HP5.

Tiyamike:
Filimu ikatuluka yolakwika, tidziwa bwanji kuti walakwa ndi kamera kapena wotsuka?

Mayi Nachisale:
Yang'anani m'mphepete, mmene mumalembedwa dzina la filimu ndi manambala. Zilembo zimenezo anaziwalitsa kale kufakitale, zimangodikira developer. Filimu ikakhala yopanda zithunzi koma zilembo zikuoneka, kutsuka kunayenda bwino, kuwala ndiko sikunalowe: chivindikiro, kapena shutter yafa. Ikakhala yopanda zithunzi ndi zilembo zomwe, developer anali wakufa kapena munayamba kuthira fixer. Lembani makapu anu. Ikakhala yakuda yonse mpaka m'mphepete, inaona kuwala kunja kwa kamera. Ikakhala yotuwa ngati mkaka, fixer sanamalize, ibwezereni mwa fixer watsopano, imayera. Mbali imodzi ikakhala yopepuka kuyambira koyamba mpaka kumapeto, mankhwala anachepa m'thanki kapena reel inakwera m'mwamba. Zithunzi zikakhala zofooka, m'mithunzi mulibe kanthu koma zilembo zakuda bwino, kuwala kunaperewera pojambula. Zithunzi ndi zilembo zikafooka pamodzi, developer ndiye anaperewera nthawi kapena mphamvu. Timabanga ting'onoting'ono pathambo, nthawi zina manambala a papepala n'kudindika pachithunzi, zimachokera ku chinyezi ndi kutentha. Filimu sungani m'firiji ili m'foyilo yake, ndipo mukaitulutsa idikire maola angapo musanatsegule. Yojambulidwa kale isagone miyezi m'nyengo ya mvula.

A Gondwe:
Kuona zithunzi sikufuna sikana yodula. Tsegulani tsamba loyera pa tabuleti, kwezani kuwala, ikani negetivu masentimita awiri kapena atatu pamwamba pake kuti timadontho ta sikirini tisaoneke. Dulani bowo la 6x6 pa katoni yakuda kuti kuwala kwa m'mbali kusalowe mu kamera ya foni. Zimitsani magetsi, foni ikhale yowongoka pa mulu wa mabuku, jambulani ndi timer. Kenako tembenuzani mitundu mu Snapseed kapena GIMP. Pakompyuta, darktable ili ndi negadoctor, imene imachotsanso kufiirira kwa filimu ya mitundu. Negetivu ya 6x6 ndi pafupifupi 56mm mbali zonse, kukula kuposa ya 35mm katatu ndi theka, n'chifukwa chake ngakhale lenzi ili ya pulasitiki, kusintha kuchokera pakuda kufika poyera kumayenda mosalala.

Ndipo wina asakuuzeni kuti ndi kamera ya ana okha. Wojambula zithunzi za nkhani David Burnett anajambula Al Gore, amene ankapikisana pa upulezidenti, ndi Holga pa kampeni ya mu 2000 ku America, chithunzicho n'kupata mphoto. Mkulu wake wa Holga, kamera ya Diana, imene inkapangidwa ku Hong Kong komweko m'ma 1960 ndi Great Wall Plastic Factory, ndi imene Nancy Rexroth anajambulira ntchito yake yotchuka ya m'ma 1970. Kamera ikakulandani mabatani onse, maso amapita pa kuwala ndi pa munthu amene waima patsogolo panu. Ndi zithunzi 12 zokha, munthu umazungulira chinthu kaye, kudikira mtambo usunthe, kenako n'kudina. Chikondi chake chimayambira pamenepo.

Dalitso:
Ambiri filimu timaitanitsa kwa abale a ku Johannesburg, Cape Town kapena ku UK. Pabwalo la ndege siwonongeka?

Yamikani:
Isalowe m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege, makina a kumeneko ndi amphamvu. Ikhale m'chikwama cha m'manja, m'kapulasitiki koonekera. Makina akale a X-ray saononga kwenikweni filimu yosafika ISO 800 ikadutsa kamodzi kapena kawiri, koma kuononga kumaunjikana ulendo ndi ulendo. Makina atsopano a CT, amene akufala m'mabwalo akuluakulu, Kodak anachenjeza kuti amaononga ngakhale kudutsa kamodzi. Wonyamulayo apemphe mwaulemu kuti ayione ndi manja. China, spool yopanda kanthu musataye, kamera imafuna imodzi nthawi zonse.

Dalitso:
Nanga 120 ikasowa, 35mm ingalowe mu 120N?

Che Saidi:
Imalowa. Ikani kachitini ka 35mm kumanzere, tsekerani siponji pamwamba ndi pansi kuti kakhale pakati osagwedera. Kokani filimu, imateni ndi tepi pakatikati pa spool yakumanja, muonetsetse kuti yawongoka. Popeza 35mm ilibe pepala kumbuyo, kawindo kofiira katsekeni kotheratu, m'kati ndi kunja, ndi foyilo ndi tepi yakuda, apo ayi filimu yonse ipsa. Manambala simuwaonanso, ndiye muziyeza ndi chopukusira. Ikani kadontho pa chopukusiracho, zungulizani kamodzi ndi theka pa chithunzi chilichonse poyamba, ndipo filimu ikamachuluka pa spool muzichepetsa pang'ono, chifukwa kuzungulira kumodzi kumayamba kukoka filimu yambiri. Chithunzi chimadzaza mpaka pa timabowo ta m'mphepete, koma pamwamba ndi pansi pa zimene mukuona pakawindo sizilowa, ndiye mitu ya anthu ikhale pakati. Chopukusira chikalimba, filimu yatha, musakakamize. Kamera ilibe chobwezera, choncho muitsegulire mumdima weniweni, n'kubwezera filimuyo m'kachitini kake ndi zala. Mukakapereka kotsukitsa auzeni asaidule, chifukwa makina awo amadula poyembekezera zithunzi za 36mm pamene zanuzo ndi zotalika pafupifupi 56mm.